Wodetsedwa Kufikira Madzulo: Zolemba za Ulendo wa ku Yerusalemu ndi Galileya

Tsiku loyamba, Lachinayi, Yerusalemu

Ndege yathu inatera pa bwalo la Ben Gurion dzuwa litapendeka, ndipo basi inatenga pafupifupi ola limodzi kukwera nafe mapiri mpaka ku Yerusalemu. Aliyense m'gulu lathu ali ndi chimene wadzera. Ena akufuna kuona manda opanda kanthu, ena akufuna kuviika mapazi mu Yordano. Ine ndabwera ndi funso limene landikhala pamtima kwa zaka ziwiri, ndipo ndiyenera kulilemba poyambirira kuti owerenga adziwe chimene maso anga azifunafuna masiku onsewa.

Ndimaphunzitsa Baibulo pa gulu la amayi. Tsiku lina titaweruka, mtsikana wina amene anali atangolowa kumene m'banja anatsalira, nadikira kuti ena onse atuluke, kenako anandifunsa motsitsa mawu ngati kuli kololedwa kuti alandire Mgonero wa Ambuye pamene ali kumwezi. Ndinamuyankha mofulumira kuti malamulo amenewo anatha ndi kubwera kwa Yesu. Iye anatsegula Levitiko 15, mutu umene umati mkazi amene ali kumwezi ndi wodetsedwa, chala china chili pa Mateyu 5:18, pamene Yesu akunena kuti palibe ngakhale kalemba kamodzi ka chilamulo kamene kadzachoke, ndipo anati, "Nanga Amayi, ngati kalemba kamodzi sikachoka, mutu wonsewu anauchotsa ndani?" Pakamwa panandiuma. Yankho langa linali lachiphamaso, ndipo iye anazindikira zimenezo ine ndisanazindikire.

Madzulo ano pa hotela anatipatsa chakudya cha nyama. Nditapempha mkaka wothira m'tiyi, mnyamata woperekera zakudya anandifotokozera mwaulemu kuti mkaka sutuluka pa chakudya cha nyama, ndiponso kuti kukhitchini kwawo mbale, mipeni ndi miphika ya nyama zimasungidwa padera ndi za mkaka. Zonsezi zinakula kuchokera ku lamulo lalifupi loletsa kuphika mwana wa mbuzi mu mkaka wa make, limene linalembedwa katatu: pa Eksodo 23:19, pa Eksodo 34:26 ndi pa Deuteronomo 14:21. Mnyamatayo sanalankhule ngati munthu wosenza goli. Analankhula monga mmene munthu amafotokozera dongosolo la pakhomo pa makolo ake, ndipo ndinachita manyazi pokumbukira kangati ndinaphunzitsa za malamulo amenewa ngati zinthu zakufa.

Tsiku lachiwiri, Lachisanu, Yerusalemu

M'mawa tinapita kumwera kwa phiri limene panali Kachisi, kumene kudakali makwerero akuluakulu amene anthu ankakwera polowa m'mabwalo ake. Makwererowo anawasema mosinthanitsa, lina lotakata lina lopapatiza, moti munthu sangathe kuwakwera mothamanga. M'munsi mwake ndi m'mbali mwake muli maenje ambiri osemedwa m'thanthwe, omatidwa ndi pulasitala wotuwa kuti madzi asadonthe. Ayuda amatcha dzenje lotere mikveh, ndipo ndi mmene munthu ankadzimiza thupi lonse kuti ayere asanalowe m'malo opatulika. Madzi ake ankayenera kukhala a mvula kapena a kasupe, odzilowera okha, ochuluka mokwanira kumiza munthu wamkulu.

Ndinatsikira m'dzenje limodzi louma. Chimene chinandigwira mtima ndi kamzere ka miyala kotukuka pang'ono, kamene kamagawa makwerero pakati kuyambira pamwamba mpaka pansi. Wotitsogolera anati munthu ankatsikira mbali imodzi ali wodetsedwa, natulukira mbali inayo ali woyera, kuti otsika ndi okwera asakhudzane. Ndinaima pansi penipeni, nsapato zili pa fumbi, ndikuyang'ana mbali yokwererayo. Amene anasema dzenjeli ankayembekezera kuti aliyense wotsika adzakweranso.

Ndinadzifunsa kuti ankatsikira muno anali ndani. Anali mwamuna amene wakhala malo amodzi ndi mkazi wake, anali munthu amene wakhudza nyama yofa yokha, anali amene wangoika bambo ake m'manda. Kuika kholo m'manda ndi udindo, kubala mwana ndi dalitso, ndipo ukwati Mulungu anauyambitsa yekha, komabe zonsezi zinkadetsa munthu kwa kanthawi. Choncho kudetsedwa kwa m'Levitiko sikunali tchimo. Kunali mkhalidwe wa thupi umene aliyense ankalowamo ndi kutulukamo kambirimbiri pa moyo wake, kuyambira wansembe wamkulu mpaka wotunga madzi. Mawu amene amabwerezedwa koposa m'mitu imeneyi ndi akuti munthuyo asambe, achape zovala, ndipo adzakhala wodetsedwa kufikira madzulo. Kwa zaka zonsezi ndakhala ndikuwerenga liwu lakuti wodetsedwa, osaona kuti pambali pake palembedwa nthawi yothera. Ngakhale Mariya anasunga masiku ake, nabwera ku Kachisi ameneyu ndi mbalame ziwiri, nsembe imene Levitiko 12:8 amalola kwa mkazi wosakwanitsa kupeza mwana wa nkhosa, monga Luka 2:24 akufotokozera.

Tinatsikiranso ku thamanda la Siloamu, limene makwerero ake anaonekera mu 2004 pamene anthu ankakonza mipope ya zonyansa, kenako tinakwera kukaona nyumba ina imene inapsa Aroma atawononga mzindawu m'chaka cha 70, yofukulidwa ndi Nahman Avigad mu 1970. M'nyumbamo munapezeka zikho ndi ziwiya zosemedwa ku mwala. Levitiko 11:33 amati chiwiya chadothi chikadetsedwa chiswedwe, koma Ayuda a nthawi imeneyo ankati mwala sutenga chidetso, n'chifukwa chake ankalolera kugula ziwiya zolemerazi. Mitsuko isanu ndi umodzi ya pa ukwati wa ku Kana, imene Yohane 2:6 akuti inali yamwala ndiponso yoyeretsera, inali ya mtundu womwewu.

Dzuwa likulowa tinali pa Khoma la Kumadzulo, khoma lakale la phiri la Kachisi pamene Ayuda amapempherera, anthu akukhamukira kudzalandira Sabata. Pafupi ndi polowera pali mipope ndi makapu a zigwiriro ziwiri. Mayi wina anathira madzi pa dzanja lamanja, nasinthira kapu ku dzanja losambalo, nathira pa lamanzere, kenako anathandiza kamwana kake kuchita chimodzimodzi.

Tsiku lachitatu, Loweruka, Yerusalemu

Mbali yachiyuda ya mzindawu yakhala zii. Chikepe chimodzi cha pa hotela anachitchera kuti chiziima chokha pa nsanja iliyonse, kuti wosunga Sabata asadine batani. Tinayenda pansi kukaona mabwinja a thamanda la Betesda pafupi ndi tchalitchi cha Anna Woyera, kumene Yesu anachiritsa munthu wodwala zaka 38 pa tsiku longa lero, namuuza kuti anyamule mphasa yake. Masana onse ndinakhala m'chipinda ndikuwerenga Levitiko 11 mpaka 21 mosadumpha.

Ndikuona ulusi umodzi wolumikiza zinthu zodetsazi. Mtembo ndi imfa yeniyeni. Magazi otuluka m'thupi ndi moyo umene ukutayika, pakuti Levitiko 17:11 amati moyo wa nyama uli m'magazi. Khungu la wakhate limaoneka ngati la munthu wakufa, ndipo Aroni anafanizira Miriamu ndi mwana wobadwa wakufa pa Numeri 12:12. Chifukwa chake chalembedwa pa Levitiko 15:31, kuti anthu asafe podetsa chihema cha Mulungu chimene chili pakati pawo. Malamulowa analipo chifukwa Mulungu wamoyo anasankha kumanga msasa pakati pa anthu amene amafa, ndipo panafunika njira yoti awiriwa akhalire pamodzi. Ndiponso m'buku lomweli, pa 19:18 ndi 19:34, ndi mmene muli lamulo lokonda mnansi ndi lokonda mlendo monga udzikondera wekha.

Komabe sindingabise kuti malo ena akundiwawa. Mayi wobala mwana wamwamuna ankadikira masiku 40, wobala wamkazi masiku 80. Wakhate ankang'amba zovala zake, kuphimba mlomo wa m'mwamba, kufuula kuti ndi wodetsedwa ndi kukhala yekha kunja kwa msasa, ndipo ngati sanachire madzulo ake sankafika. Mwana wa Aroni wopunduka kapena wakhungu sankaloledwa kupereka nsembe pa guwa, ngakhale 21:22 amamulola kudya chakudya chopatulika pamodzi ndi abale ake. Pa chakudya chamadzulo ndinauza Abusa amene tili nawo zimenezi. Iwo anati, "Mayi, musafulumire kulitchinjiriza Baibulo, ndipo musafulumirenso kulitsutsa. Liwerengeni mpaka mumve pamene likudzifunsa lokha."

Tsiku lachinayi, Lamulungu, njira ya ku Yeriko ndi Qumran

Kuchokera ku Yerusalemu kupita ku Yeriko msewu umatsika mamita pafupifupi 1,000 pa mtunda wosafika makilomita 30, ndipo makutu amatseka. Tinaima pamalo ena okwera n'kuyang'ana zigwa zouma zopanda mtengo, ndipo wina anawerenga fanizo la Msamariya pa Luka 10. Ndamva kawirikawiri alaliki akunena kuti wansembe ndi Mlevi analambalala chifukwa choopa kudetsedwa. N'zoona kuti Levitiko 21 amaletsa wansembe kudzidetsa ndi mtembo wa munthu amene si mbale wake wapafupi, ndipo Numeri 19 amati wokhudza mtembo akhale wodetsedwa masiku 7. Koma wovulalayo anali adakali moyo, wansembeyo ankatsika kuchoka ku Yerusalemu, ndipo Yesu sanatchule chifukwa chimene analambalalira. Aphunzitsi achiyuda nawonso anadzalemba kuti ngakhale mkulu wa ansembe akapeza mtembo wopanda wouika, ayenera kuuika yekha. Ndikuganiza kuti timakonda kuloza chala chilamulo pa nkhani imeneyi chifukwa kutero kumatipulumutsa ife, amene timalambalala anthu popanda lamulo lililonse lotikakamiza.

Masana tinafika ku Qumran, m'mphepete mwa Nyanja ya Mchere, kumene abusa a ziweto anapeza m'phanga mipukutu yoyamba ya zolembedwa zakale zachiyuda mu 1947, ndipo pofika 1956 mapanga opezekamo zolembedwa anali 11. Mudziwu ndi waung'ono, koma maenje osambiramo ndi ochuluka modabwitsa, m'chipululu mmene dontho lililonse ankalikokera ndi ngalande kuchokera kumapiri. Dzenje lina lili ndi mng'alu waukulu wodula makwerero ake. Ayuda odzipatula amene ankakhala pano kalelo anatenga chiyero n'kuchifikitsa pamapeto penipeni. Wolowa kumene m'gulu sankakhudza chakudya choyera cha gululo mpaka patatha chaka, ndipo zakumwa zake mpaka patatha chaka chachiwiri. Mpukutu wina umaletsa opunduka, akhungu, ogontha ndi osalankhula kulowa mu msonkhano wawo, ati chifukwa angelo oyera ali pakati pawo. Nditamva zimenezi ndinakumbukira Luka 14:13, pamene Yesu akuti pokonza phwando tiitane osauka, opunduka, otsimphina ndi akhungu. Magulu awiriwa ankawerenga Mose mmodzi m'dziko limodzi, ndipo mndandanda wa anthu ake ndi wofanana ndithu, koma ena anaulemba pa chitseko chotseka, winayo anausandutsa kalata yoitanira alendo.

Ndiyenera kuwachitira chilungamo anthu a ku Qumran pa chinthu chimodzi. M'malamulo a gulu lawo analembamo kuti munthu wouma mtima sangayeretsedwe ndi nyanja kapena mitsinje kapena madzi alionse osamba. Ngakhale iwo ankadziwa kuti madzi amalekeza pa khungu.

Tsiku lachisanu, Lolemba, Yerusalemu

Tinalawirira kukakwera pa phiri la Kachisi, limene Asilamu amalitcha Haram al-Sharif. Amene si Asilamu amalowera pa chipata chimodzi chokha, cha Mughrabi, kudzera pa mlatho wamatabwa, pa maola oikika, ndipo tinauzidwa kusiya Mabaibulo m'basi. Tisanafike pa chipata pali chikwangwani cha akuluakulu a aphunzitsi a chipembedzo chachiyuda (marabi) a ku Israel chochenjeza kuti malinga ndi chilamulo n'koletsedwa kulowa pamalopo chifukwa cha kupatulika kwake. Maganizo ake ndi akuti phulusa la ng'ombe yamsoti yofiira la pa Numeri 19, limene linkachotsa chidetso cha imfa, kulibenso, choncho aliyense amawerengedwa ngati wokhudza mtembo. Ayuda ambiri opembedza safika pamalo amene amawakonda koposa chifukwa cha ulemu, ngakhale ena masiku ano amakwera atayamba adzimiza m'madzi. M'bwalomo tinaona amuna atakhala pa timipando tamwala mozungulira kasupe, akusamba m'manja, kumaso ndi kumapazi asanapemphere. M'nyumba yopatulika ya Asilamu ya denga lagolide imene ili pa phiripo, yomalizidwa cha m'ma 691, ife sitinaloledwe kulowa. Sindinakhumudwe. Ndinangomva m'thupi mwanga, kwa nthawi yoyamba, kuti kuima kunja kwa malo opatulika kumamveka bwanji.

Masana ku Israel Museum tinaona chidutswa cha mwala chopezeka mu 1935, cholembedwa m'Chigriki. Mwala wathunthu wa mawu omwewo anaupeza Charles Clermont-Ganneau mu 1871, ndipo uli ku Istanbul. Miyala imeneyi inkaikidwa pa mpanda waufupi wa m'bwalo la Kachisi, kuchenjeza kuti munthu wa mtundu wina asapitirire pamenepo, ndipo wogwidwa adziimbe yekha mlandu wa imfa yake. Paulo anatsala pang'ono kuphedwa chifukwa cha mpanda umenewu, pamene anthu anaganiza kuti walowetsa Trofimo wa ku Efeso, monga tiwerenga pa Machitidwe 21. Chimene sindinkachiona kale ndi chakuti pa nthawiyo Paulo mwiniyo anali m'Kachisi akutsiriza masiku a kudziyeretsa kwake. Munthu yemweyo ndiye dzina lake lili pa kalata ya kwa Aefeso, imene pa 2:14 imati Khristu anagumula khoma lolekanitsa.

Kenako tinalowa m'chipinda cha mipukutu, mmene chofanizira cha mpukutu waukulu wa Yesaya, wotalika mamita oposa 7, chinakulungidwa mozungulira pakati. Ndinapempha wotitsogolera kuti andilozere pamene pali mutu 56. Deuteronomo 23 amatsekera kunja munthu wofulidwa, Mwamoni ndi Mmowabu. Ezekieli 44:9 amatsekera kunja mlendo wosadulidwa. Koma Yesaya 56 amauza wofulidwa kuti asadzitche mtengo wouma, pakuti adzapatsidwa dzina m'nyumba ya Mulungu, amalonjeza kulandira nsembe za alendo, ndipo amatcha nyumbayo yopemphereramo mitundu yonse, mawu amene Yesu anawatchula pogubuduza magome. Rute Mmowabu anakhala gogo wa Yese, bambo wa Davide. Solomo potsegulira Kachisi anapempherera mlendo wochokera kutali. Pa 2 Mbiri 30 anthu ambiri anadya Paskha asanadziyeretse, mosemphana ndi zolembedwa, ndipo Hezekiya atawapempherera Mulungu anamva. Apa ndi pamene ndinamvetsa mawu a Abusa aja. Kukokana kumene mtsikana uja anakuona sikunayambe ndi Chipangano Chatsopano. Kuli kale m'kati mwa Mose ndi aneneri, ndipo amene anasonkhanitsa mabukuwa sanafufute mbali imodzi kuti inzake ipambane. Mdindo wa ku Itiyopiya wa pa Machitidwe 8, amene anali wofulidwa komanso mlendo, pobwerera kuchokera ku Yerusalemu, ankawerenga Yesaya 53, mitu itatu yokha asanafike pamene pakunenedwa za iye.

Tsiku lachisanu ndi chimodzi, Lachiwiri, Kaperenao ndi Magdala

Tafika ku Galileya kudzera m'chigwa cha Yordano. Nyanja ya kuno ili mamita oposa 200 kunsi kwa mlingo wa nyanja yaikulu, ndipo mpweya wake ndi wofunda ndi wachinyontho. Ku Kaperenao nyumba za anthu zinali za miyala yakuda, zothithikana, tinjira take topapatiza moti anthu awiri sangadutsane osakhudzana. Nditaona zimenezi nkhani ya pa Marko 5 inandionekera mwatsopano. Mkazi wotaya magazi zaka 12, malinga ndi Levitiko 15:25, anali wodetsedwa masiku onsewo. Kwa iye madzulo aja sanafike kwa zaka 12. Pamenepa ndi pamene lamulo labwino linkalemera kwambiri, pakuti linali ndi njira yobwezera munthu amene wachira, koma linalibe mphamvu yomuchiritsa.

Ku Magdala, kumene sunagoge wa nthawi ya Yesu anapezeka mu 2009, tinaona maenje osambiramo amene mpaka lero madzi a pansi pa nthaka amalowamo okha. M'chipinda chapansi cha tchalitchi cha pamalopo muli chithunzi chachikulu chosonyeza mapazi okhaokha a khamu la anthu, ndi dzanja la mkazi likutambasukira mphonje ya chovala. Mphonje imeneyo ndi imene Numeri 15:38 amalamula Aisraeli kusoka pa ngodya za zovala kuti azikumbukira malamulo. Yesu anaivala. Mkaziyo anagwira chizindikiro cha chilamulo chenichenicho, nachira. Mneneri Hagai, pa 2:11 mpaka 13, anafunsa ansembe ndipo anamuyankha kuti chopatulika sichipatsira kupatulika kudzera m'chovala, koma chodetsedwa chimapatsira chidetso. M'nkhani ya Marko madzi akuyenda chokwera: mkazi akhudza Yesu ndipo kasupe wa magazi aphwa, Yesu agwira dzanja la mwana wakufa wa Yairo ndipo mwanayo adzuka. Atakhudza wakhate pa Marko 1, anamutuma kwa wansembe kukapereka zimene Mose analamula. Sananene kuti khate si kanthu kapena kuti imfa si kanthu. Anachotsa gwero lenileni la chidetsocho, ndipo ndikuganiza kuti kukwaniritsa chilamulo kumene akunena pa Mateyu 5:17 kukuyambira pamenepa.

Mpingo wakale nawo unagawanika pa mkazi yemweyu. Dionysius, bishopu wa ku Alexandria m'zaka za m'ma 200, analemba kuti mkazi amene ali kumwezi asayandikire gome lopatulika, ponena kuti wodwala uja anangokhudza mphonje osati thupi la Ambuye. Gregory Wamkulu, poyankha Augustine wa ku Canterbury cha m'ma 601, anati mkazi wotere asaletsedwe kulowa m'tchalitchi kapena kulandira Mgonero, ponena kuti ngati wodwala uja anayamikiridwa pokhudza chovala cha Ambuye, chimene chinaloledwa kwa mmodzi chisakanizidwe kwa onse. Ine ndaima ndi Gregory, ndipo chifukwa changa ndi chakuti Yesu anaimitsa khamu lonse kuti mkaziyo aonekere poyera, namutcha mwana wake pamaso pa mkulu wa sunagoge.

Tikutuluka m'chipindamo, mayi wina wachikulire wa m'gulu lathu anatsalira pa benchi. Ndinakhala naye. Patapita nthawi anati, "Mwana wanga, ine ndinadwala nthenda yotere zaka zinayi ndisanachitidwe opaleshoni. Palibe anandiletsa kupita ku Mgonero. Ndinkangokhala kumbuyo ndekha, ndipo palibenso amene anabwera kudzandifunsa chifukwa chake." Ankapotokola kansalu kopukutira misozi m'manja mwake uku akulankhula. Sindinamuyankhe ndi vesi. Ndinangomugwira dzanja mpaka wotitsogolera anabwera kudzatiitana.

Usiku uno ndalembera mtsikana uja uthenga wautali. Ndamupepesa chifukwa cha yankho lachidule lija. Ndamuuza kuti Levitiko 15 sananenepo kuti thupi lake ndi tchimo, kuti malamulowo ankateteza chihema ndi Kachisi, kuti pa Marko 7 Yesu anaika chodetsa chenicheni mu mtima, mmene mumatuluka zoipa monga kuba, kupha, chinyengo, kaduka ndi kudzikuza, ndipo kuti apite ku gome la Ambuye popanda mantha.

Tsiku lachisanu ndi chiwiri, Lachitatu, Kursi

Lero tinaoloka nyanja pa boti. Woyendetsa anatiuza kuti m'nyanjayi muli milamba yambiri, imene Ayuda osunga chilamulo sadya chifukwa ilibe mamba, ndipo ndinakumbukira asodzi a pa Mateyu 13:48 akusankha nsomba pagombe. Kutsidya la kum'mawa, ku Kursi, kuli mabwinja a nyumba ya amonke imene inapezeka mu 1970 pokonza msewu, pamalo amene Akhristu akale ankakumbukirapo munthu wa ziwanda amene Yesu anamuchiritsa pa Marko 5. Dziko la anthu a mitundu ina, manda, nkhumba pafupifupi 2,000, mzimu wonyansa: zodetsa zonse zinakumana pa gombe limodzi, ndipo Yesu anachita kuolokera dala. Ndatopa, ndipo mutu ukundiwawa chifukwa cha dzuwa.

Tsiku lachisanu ndi chitatu, Lachinayi, Kaisareya ndi Jaffa

Ulendo wa Petro wa pa Machitidwe 10 tauyenda chobwerera. Iye anachoka ku Yopa, umene lero ndi Jaffa, nakafika ku Kaisareya tsiku lachiwiri. Ife tinayambira ku Kaisareya, mzinda wa doko umene Herode anamanga, kumene mu 1961 kunapezeka mwala wolembedwa dzina la Pilato, ndipo basi inatifikitsa ku Jaffa pa ola limodzi.

Pamwamba pa doko la Jaffa pali kanjira kotsikira ku nyumba imene anthu amati inali ya Simoni wofufuta zikopa. Chitseko chake chinali chotseka, ndipo alendo amangoima panja. Tinawerenga Machitidwe 10 titatsamira khoma, fungo la nyanja likubwera ndi mphepo. Petro ataona chinsalu chodzaza nyama, anakana, nati sanadyepo chodetsedwa chiyambire. Munthu ameneyu anamva ndi makutu ake mawu a pa Marko 7, koma patapita zaka anali asanasinthe kadyedwe kake. Masomphenyawo anabwera katatu, ndipo tanthauzo limene iye mwini anapereka m'nyumba ya Korneliyo, pa vesi 28, linali lonena za anthu: Mulungu anamuonetsa kuti asatche munthu aliyense wonyansa kapena wodetsedwa. Komanso anali atagona kale kwa munthu amene ntchito yake ya tsiku ndi tsiku inali kugwira zikopa za nyama zakufa. Pa doko lomweli ndi pamene Yona anakwerera chombo pothawa kupita kwa anthu a ku Nineve.

Ngakhale zitatero nkhaniyi sinathe msanga. Ku Antiokeya Petro anasiya kudya ndi Akhristu a mitundu ina atafika anthu ochokera kwa Yakobo, ndipo Paulo anamudzudzula pamaso pa onse, monga akusimbira pa Agalatiya 2. Msonkhano wa ku Yerusalemu, pa Machitidwe 15, unamasula amitundu ku mdulidwe koma unawasiyira zinthu zinayi: apewe zoperekedwa kwa mafano, magazi, zopotola ndi dama, zimene zikufanana kwambiri ndi zimene Levitiko 17 ndi 18 amafuna kwa mlendo wokhala pakati pa Israeli. Atumwi aja anakangana, anapemphera, anamvetsera umboni wa zimene Mzimu anachita, ndipo anafufuza m'Malemba akale omwewo kuti Myuda ndi Mgriki athe kudyera m'mbale imodzi. Zimenezi zandikhazika mtima pansi, chifukwa kale ndinkaona ngati funso la mtsikana uja linali chizindikiro cha chikhulupiriro chofooka, pamene ndi funso lomwe Petro ndi Yakobo anatuluka nalo thukuta.

Tikudikira basi yopita ku bwalo la ndege, yankho lake linalowa pa foni. Wathokoza, ndipo wati Lamulungu likudzali adzapita kutsogolo. Kenako wafunsa za masiku 80 a mwana wamkazi aja, popeza ali ndi pakati ndipo ku sikelo amuuza kuti ndi mtsikana. Ndamulembera kuti ndikafika tikatsegule Levitiko 12 pamodzi, ndipo aitane amayi ena onse amene angafune kudzakhala nafe. Mayi wachikulire uja, amene anali pambali panga ndikuwerenga uthengawo, wati nayenso adzabwera.